Chip ya miyendo 20 inaimitsa makina ku Makata

Lolemba m'mawa anatibweretsera bolodi ya makina olongedza katundu kuchokera ku fakitale ina ya ku Makata, mu Blantyre, kuti tiikonze. Makinawo ndi a m'ma 1980. Magetsi ankalowa bwinobwino, koma chip imodzi ya miyendo 20 inkatentha moti chala sichinkapirira. Pamsana pake panalembedwa PAL16L8.

Imeneyi sungangogula ina n'kubzalapo. Ma chip a mtundu umenewu, otchedwa PAL, omwe kampani ya Monolithic Memories inayamba kupanga mu 1978, amabwera opanda kanthu. Wopanga makina ndiye amawotcha timafyuzi ta m'kati, kamodzi kokha, kuti zolowa zilumikizane ndi ma AND (tizigawo ta m'kati tophatikiza zolowazo) mmene iye akufunira. Ambiri amawotchanso fyuzi yachitetezo kuti wina asadzakope. Apa ndi mmene zinalili, ndipo wopangayo sapezekanso.

Mwayi wake, fakitaleyo ili ndi makina ena ofanana. Bwana wa kumeneko anavuta kutibwereka chip yamoyoyo, ndipo sindikuwadzudzula, chifukwa ikanapsa m'manja mwathu ntchito yonse ikanaima. Anavomera kuti tiitenge Lachiwiri usiku, ibwerere kusanache.

PAL16L8 ilibe ma flip-flop, tizigawo tosunga zomwe zachitika kale, choncho kawirikawiri zotuluka zimangotsatira zolowa. Ndinalumikiza chip yobwerekayo ku Arduino, kabolodi ka kompyuta kakang'ono, kuti iyese njira zonse za 0 ndi 1 n'kumalemba mayankho. Miyendo yolowera ndi 10, ndiye kuti njira 1,024. Koma potsata mizere ya pabolodi ndinaona kuti miyendo iwiri mwa isanu ndi umodzi yomwe imatha kulowetsa kapena kutulutsa inkagwira ngati yolowera. Njira zinakwera kufika 4,096.

Lachitatu lonse linathera pa kufupikitsa tebulo limenelo kuti likhale ma equation ochepa. Ntchito yoliza mutu, koma ndi yomwe ndimaikonda.

Mnyamata amene akuphunzira ntchito kwathu anafunsa, "Bwanji osangoika FPGA, achimwene?" Ndinamuonetsa kuti bolodiyo ndi ya 5V, pomwe ma FPGA (ma chip akuluakulu omwe umawapatsa wekha zochita) amasiku ano amafuna magetsi ochepa, ndipo ambiri amaiwala zonse magetsi akazima. Tinasankha ATF16V8, ya mtundu wa GAL, wolowa m'malo mwa PAL, womwe kampani ya Lattice inatulutsa mu 1985. Miyendo yake ndi yofanana, komanso imafufutika n'kulembedwanso.

Lachinayi ndinalemba ma equation aja mu pulogalamu ya WinCUPL, fayilo ya JEDEC yoika mu chip inatuluka, tinaiwotcha mu chip yatsopanoyo. Pa Arduino mayankho onse anafanana ndi a chip yakale.

Lachisanu masana makina analira. Tinawotcheratu chip ina yosungira makina achiwiri aja, ndipo ma equation ndinawasindikiza n'kuwapereka kwa a injiniya a pafakitalepo pamodzi ndi fayiloyo.