Buku langa la ma dime ladzadza, zikomo nonse

Abale anga lero ndangobwera kudzathokoza basi. Buku lija la timabowo toikamo makobidi ndinkakusowetsani nalo mtendere, la ma dime okhala ndi nkhope ya pulezidenti Roosevelt, ladzadza, kuyambira 1965 mpaka 2024, opangidwa ku Philadelphia ndi a ku Denver omwe, palibe kabowo kotsala. Ambiri mukudziwa kuti chaka chatha anandipanga opaleshoni ya bondo, ntchito ndinaima, kuno ku Indiana kunja kukuzizira koopsa, ndiye munthu kumangogona kuyang'ana denga mutu ukhoza kuzungulira ndithu. Timakobidi timeneti ndi timene tinandisunga.

Kwa inu akumudzi, dime ndi kakobidi ka 10 cents, kakang'ono kuposa onse aku America. Mpaka 1964 ankapanga ndi siliva 90 peresenti, koma siliva atakwera mtengo anthu anayamba kubisa makobidiwo, ndiye mu 1965 boma linasintha lamulo, pano pakati ndi mkuwa weniweni kunja kwake mkuwa wosakaniza ndi nickel. Ukakaimika chammbali umaona kamzere kofiirira. Anzathu ambiri osonkhanitsa makobidi akatsegula ma roll, timipukutu ta makobidi ta ku banki, amangoyang'ana m'mbalimo, akufuna oyera asiliva, enawo amabweza ku banki osawerenga ndi chaka chomwe. Ine ndimafuna onyozekawo.

Woyamba kumuthokoza ndi mayi a ana. Bokosi la ma dime ku banki ndi $250, ma roll 50, kulemera kupitirira makilo 5, ndipo iwowa ndi amene amalinyamula pochoka ku shifiti ya usiku, ine ndikasankha n'kulibwezanso, osadandaula (chabwino, amadandaula pang'ono). Atsikana a pa kauntala ku banki kuja nawonso Mulungu awadalitse, anafika pomangoseka akawaona akulowa.

Mwana wanga wamkazi ndiye anali maso anga. Timathira makobidi pa tebulo ngati tikusankha nyemba pa lichero, iye akuwerenga kachilembo kali pamwamba pa chaka, D wa Denver kapena P wa Philadelphia, ine ndikulemba. Pamenepa m'pamene pamasokoneza, chifukwa a 1965, 1966 ndi 1967 alibe chilembo onse, ndipo P anayamba kuika mu 1980, ndiye ukapeza wa 1974 wopanda chilembo usadumphe, ndi wa Philadelphia wamba. Koma wa 1982 wopanda P ndi nkhani ina, anaiwala kudinda, ambiri anapezeka cha ku Sandusky, Ohio, ndipo mpaka pano aliyense wa 1982 timamuika pansi pa galasi. Sitinampeze.

Achimwene a ku tchalitchi amene mumagwira pa till ku filling station, inu ndinu munthu. 2009-D inandizunza, chaka chimenecho chuma chinali chitagwa ndiye ku Denver sanapange ndi 50 miliyoni yomwe pomwe zaka zina amapitirira biliyoni. Munkayang'ana chenji cha anthu usiku wonse mpaka munaipeza, n'kuisintha ndi dime yanu, n'kubwera nayo itakulungidwa mu risiti. Ndinatsala pang'ono kugwa ndi ndodo.

Kabowo komaliza kanali 1996-W. Imeneyi sungaiyembekezere pa chenji, anaipangira ku West Point pokumbukira zaka 50 za dime ya Roosevelt ndipo inkabwera mu seti yogulitsa kwa osonkhanitsa okha. Madala ena a ku kalabu ya makobidi, achikulire ndithu, atamva kuti ndatsala ndi imodzi anangoitulutsa m'thumba la jekete ili mu kapulasitiki kake, ndalama anakana. Sali pa Facebook koma mwana wanga awawerengera mawuwa.

Inu a ku Lilongwe mwakhala mukufunsa pa WhatsApp ngati ndalemera, poti munamva kuti dime ina ya 1975 yopangidwa ku San Francisco koma yopanda chilembo chake cha S inagulitsidwa ndalama zoposa $500,000 mu 2024, pepani, zoterozo zikudziwika ziwiri zokha ndipo sizili kwanga kuno. Buku lonseli kukagula nalo zinthu ku shopu silikwana $12. Komabe zikomo pondiimbira ndili chigonere, ndi mapemphero aja.

Bondo likupinda tsopano, ntchito ndayambiranso. Otsala ndili nawo botolo lodzadza, ena okongola bwino mizere ya pa muuni wojambulidwa kumbuyo kwake ikuoneka, amene mwana wake akufuna kuyamba andipeze Lamulungu tikaweruka.