Mawu amene anadetsa nkhawa achemwali anga

Dzulo madzulo achemwali anga, amene amagwira ntchito yapakhomo ku Randburg, dera la mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, anandionetsa kalata yowachitira umboni imene abwana awo awalembera, ndipo anali ndi nkhawa chifukwa cha mawu akuti "considerate". Iwo anawasokoneza ndi akuti "considerable", amene amanena za chinthu chachikulu kapena chochuluka ndithu.

Munthu amene amamunena kuti ndi "considerate" ndi woganizira ena, amene asanachite kanthu amayamba waona ngati zochita zakezo sizivutitsa mnzake. Ndinawapatsa chitsanzo cha m'nyumba imene timakhalamo ambiri ku Yeoville, dera linanso la mumzinda womwewo: mnyamata amene amadzuka 4 koloko m'mawa kuti akakwere takisi, koma sayatsa getsi kapena kumenyetsa chitseko poopa kudzutsa ana, ndiye woyenera mawu amenewa. Wosiya wailesi ikusokosera usiku wonse amati ndi "inconsiderate".

Ine ndinakondwa kwambiri, chifukwa ndikuona kuti banja lofuna munthu wosamalira ana kapena okalamba limayamba layang'ana khalidwe lomweli. Ndawapempha kuti kalatayo aisunge bwino ndipo akachititse fotokope asanapite nayo kwina kulikonse.