Mmene tinayendera ndi chimbale chathu choyamba kuchoka pa Kasungu mpaka ku Mchinji

Ife ndi bandi ya rock ya pa Kasungu pompano, magitala awiri, bass, ng'oma ndi ine wogwira maiki. Chimbale chitatuluka ku situdiyo tinadziwa kuti nyimbo zathu sizizamveka pawailesi ngati za anzathu a reggae kapena a gospel, nde njira inali imodzi basi, kuzinyamula tokha kupita nazo kwa anthu.

Tinayamba ndi kalendala tisanaganize za holo. Kuno ndalama imayenda ndi fodya, msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa cha mu Epulo mpamene matauni ang'onoang'ono amadzuka, ku Mchinji nakonso anthu amakhala agulitsa soya ndi mtedza. Shoo ya mu Januwale kapena Febuluwale, anthu akusaka chimanga ndi feteleza, ungoimbira mipando. Ife tinasankha Juni ndi Julaye, ndipo mashoo a pa boma tinawaika kumapeto kwa mwezi aphunzitsi ndi anamwino atalandira. Kuipa kwake ndi kuzizira, wa gitala zala zimachita kuuma usiku, koma bola kuzizira kusiyana ndi holo yopanda munthu.

Njira tinaijambula motsata msewu kuti mafuta asatithere pobwerera m'mbuyo. Kukhazikitsa chimbale pa boma, kenako Mtunthama ndi Nkhamenya poti ndi pafupi timagona kunyumba, ndiyeno kulowa msewu wa M18 kudzera Santhe, Kapiri, Kamwendo mpaka pa boma la Mchinji.

Za mapepala musazithawe aise. Nyimbo zathu tinakazilembetsa ku COSOMA tisanayambe kuzimwaza, bungweli lilipo kuyambira 1992 ndipo ndi lomwe limatolera ndalama za oimba nyimbo zikamaseweredwa pagulu ndi pawailesi. Shoo yolipiritsa imafunanso chilolezo cha Censorship Board, lamulo lake ndi lakale la 1968 koma likugwirabe ntchito. Kenako kalata ku polisi ya dera lililonse, kunena tsiku, malo, nthawi yoyamba ndi yotseka, nkupempha apolisi oti azakhale pageti. Zonsezi wa bass anaziika mu envulopu imodzi ya pulasitiki mu chikwama cha mawaya, mafotokope pamwamba, zenizeni pansi. Munthu akabwera ndi mafunso umangotulutsa pepala nkhani yatha.

Ndi eni malo dilu yake inali yofanana konse, geti ndi yathu, bala ndi yawo. Ena amafuna kadipoziti kaye, ena ayi. Koma tinkalemberana papepala ngakhale la mu kope, ndi kusainirana, makamaka pa funso loti alowe ulere ndi ndani. Paja mwini malo ali ndi akazi awo, alamu awo, ogwira ntchito, anzawo a bawo, nde ukapanda kumanga nambala pasadakhale theka la holo limakhala la abale. Tinkawapatsa matikiti owerengeka m'manja masana, akatha atha.

Zida ndiye zinatidya kwambiri. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mawaya a gitala akwera moti ukadula umodzi mtima umapweteka, ndipo pa Kasungu sungawapeze mwachisawawa, tinatuma munthu ku Lilongwe kukagula a sipeya pamodzi ndi ndodo za ng'oma. Masipika ndi mikisa tinachita hayala kwa mkulu wina amene amaimbitsa maukwati. Zida zake nzabwino koma anazolowera kiyibodi ndi kwaya, nde titangoponda distortion, kachipangizo kokhadzula kulira kwa gitala, poyesa zida anathamanga kukatsitsa voliyumu akukuwa kuti "achimwene mundiotchera sipika, gitala yanuyi yafa!" Panatenga nthawi kumufotokozera kuti kulira kokhadzulako ndi dala. Tinapangana kuti ampu ya gitala izikhala payokha, iye aziika maiki kutsogolo kwake, osalumikiza gitala mu mikisa mwachindunji. Atamva kuti masipika ake sakuvutika mtima unakhala pansi, pofika ku Kapiri ndi iye amene ankatiuza kuti tiwonjezere moto.

Jenereta musasiye, ngakhale malowo akhale ndi magetsi. Ndipo isakhale kaja kowunikira nyumba, bass ikagunda kamatsamwa mawu nkumadukaduka. Tinatenga yaikulu, tinkaiika kuseri kwa holo ndi chingwe chachitali kuti phokoso lake lisalowe mu maiki, mafuta ake m'chigubu tinkagula kutatsala tsiku limodzi osadikira tsiku la shoo, poti pa filling station sudziwa ukapeza mzere wotani. Zonse zinkakwera ka lole ka matani awiri, ng'oma zitakulungidwa m'mabulangeti omwe tinkafunda usiku.

Kulengeza tinkachita patatu. Mapositala pa msika, pa siteji ya kabaza ndi m'mabala sabata ya shoo isanafike, kamalonda pa wailesi ya m'dera monga Mudzi Wathu ku Mchinji, ndi ma status a WhatsApp. Koma chimene chinkabweretsa anthu kwenikweni ndi masana a tsiku lomwelo, kumanga sipika imodzi pa lole nkuzungulira msika pang'onopang'ono, ana akuthamangira pambuyo. Obena nyimbo pa msika tinkawapatsa nyimbo ziwiri ulere kuti aziliza pa benchi yawo. Ena mu bandi sanakondwe nazo poti anyamatawa ndi omwe amatidyera thukuta, ine ndinati azibena ndithu kaya tifune kaya tisafune, bola abene zomwe tawapatsa ife zomveka bwino.

Pageti ndi pomwe shoo imapindula kapena kugwa. Tinaika mlongo wake wa woimba ng'oma, munthu wosaseka ndi aliyense, iye yekha ndi amene ankagwira ndalama, mabaunsa ntchito yawo kukankha basi. Wolipira ankadindidwa sitampa pamkono, ndipo inki tinkasintha mtundu malo alionse, chifukwa pali anyamata ochenjera amanyowetsa mkono nkudinda pa mnzawo isanaume. Nambala za Airtel Money ndi Mpamba zinali papepala pakhoma koma munthu salowa mpaka meseji ifike pa foni yathu, osati kungotionetsa yake. Ola lililonse ndalama inkachoka pageti kupita kokabisa.

Pa siteji napo pali kachitidwe kake. Anthu a ku Santhe sanabwere kuzaona rock, abwera poti kwabwera bandi, nde ukayamba ndi nyimbo yolemera kwambiri amangoima kukhoma manja m'thumba kukuyang'ana. Tinkayamba ndi zomwe ng'oma zake tinazitenga ku chimtali ndi chitelera, azimayi akangoyamba kugwedeza m'chiuno ndiye kuti holo yatseguka, magitala aukali tinkawalowetsa pakati anthu atatentha kale. Kuimba m'Chichewa kunatithandiza kwambiri. Pa Kamwendo bambo wina wachikulire wa jekete la suti anaima kutsogolo penipeni pa sipika usiku onse osavina, titamaliza anabwera nkundigwira dzanja, "mwana wanga, phokosoli ndiye lachuluka, koma ija ya ngongole ya feteleza mwanena zoona." Anagula CD ngakhale ndikukayika ngati ali ndi poiliza.

Ma CD kunena zoona sayenda, anthu amafuna nyimbo mu memori kapena pa foni, nde tinali ndi laputopu pa tebulo pafupi ndi geti, munthu akalipira timamuikira chimbale chonse pompo. Matisheti anatha msanga kuposa ma CD.

Shoo ikatha kuwerengera kunkachitika usiku omwewo tonse tilipo, chitseko chotseka. Oyamba kulandira ndi wa masipika, wa lole, mabaunsa ndi wa pageti, kenako kupatula ya mafuta ofikira malo otsatira, zotsalazo mpomwe tinkagawana. Ku Nkhamenya zotsalazo zinangokwana chips ndi mazira, pa boma la Mchinji ndi pomwe tinabweza ngongole ya ku situdiyo, mwina poti kunabweranso anthu ochokera ku Chipata kudzera pa Mwami. Wa masipika uja wanena kale kuti chaka chamawa mtengo akweza, ndipo akufuna dzina lake lizalembedwe pa positala.