Masiku asanu ndi bokosi la maloko atatu

Lolemba 10 koloko tinadzitsekera m'chipinda chamisonkhano anthu asanu ndi awiri, mafoni onse m'basiketi pakhomo. Abwana anaponyamo yawo monyinyirika, nkhope ili gwa.

Vuto lathu linali lakale. Tinapangira magulu a banki m'khonde njira yogulira masheya ndi kubwezera ngongole pafoni kudzera pa USSD, ija yoimba nambala yoyamba ndi * n'kumasankha zochita pa menyu. Amayi amalembetsa bwinobwino, koma pakapita milungu iwiri amabwerera ku bokosi lawo la maloko atatu. Miyezi itatu takhala tikulozana zala, a mapulogalamu akuti anthu sanaphunzitsidwe, anzathu ogwira ntchito kumudzi akuti menyu ndi yaitali. Ndiye ndinapempha sabata imodzi kuti tiyese design sprint, njira yopezera yankho la vuto n'kuliyesa pa anthu m'masiku asanu, imene Jake Knapp anaiyamba ku Google mu 2010 n'kukaikhwimitsa ku Google Ventures, nthambi yoika ndalama m'makampani atsopano.

Tsiku loyamba linathera pa kujambula ulendo wa mayi kuchokera pamene wagulitsa tomato mpaka ndalama italowa m'gulu. Lachiwiri aliyense anapinda pepala zigawo zisanu ndi zitatu n'kujambula maganizo asanu ndi atatu m'mphindi zisanu ndi zitatu. A akaunti anadandaula kuti chisiyireni kujambula ku pulayimale. Magetsi anathima masana, koma ntchito ya pepala ndi cholembera sinaime.

Lachitatu ndiye linandikomera. Zojambula zinamatidwa pakhoma popanda maina, aliyense n'kumamata kadontho pa zomwe zamusangalatsa, pakamwa pali chete. Pa ofesi pathu abwana akayankhula, enafe timangoti "zoona bwana", ngakhale mumtima tikukana. Tsikuli abwanawo, amene anali ndi voti yomaliza, anasankha chojambula cha kamtsikana kamene kangobwera kumene kudzaphunzira ntchito, osadziwa kuti n'chake. Menyu inatsika kuchoka pa masitepe asanu ndi awiri kufika pa anayi. Lachinayi tinapanga chifanizo chake pa Figma, pulogalamu yojambulira maonekedwe a zapafoni, chooneka ngati chenicheni koma kumbuyo kulibe kanthu.

Lachisanu tinaitana amayi asanu kudzayesa chifanizocho, chiwerengero chimene Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito makompyuta, anaonetsa kalekale kuti chimakwana kuululira mavuto ambiri. Ine ndimacheza nawo mmodzimmodzi, anzanga akuonera pakanema chipinda china. Atatu oyamba anadutsa menyu yatsopano osapunthwa, ndipo ndinayamba kudzimva. Wachinayi, msungichuma wa gulu lake, anamaliza bwino, kenako anaika foni pansi.

"Achimwene, uthenga wotsimikizawu umapita kwa ndani?"

"Pa nambala imene mwalembetsa, mayi."

"Nambalayo ndi ya bambo akunyumba. Akaona kuti ndili ndi masheya angapo, mawa andiuza kuti tigule feteleza. Nanga anzanga pagulu adziwa bwanji kuti ndalipira? M'bokosi timaponya onse akuona."

Wachisanu ananena zofanana ndisanafunse n'komwe. Nditalowa m'chipinda china chija ndinapeza a mapulogalamu atagwira m'chiuno, menyu yathu ya masitepe anayi ili pakhoma, madontho mbwee. Sikuti inali yoipa, koma si imene imathawitsa anthu.

Abwana anatenga foni yawo m'basiketi, n'kundiuza kuti Lolemba ndikakhale nawo pamsonkhano wa gulu la mayi aja, ndikaone mmene amawerengera ndalama pamphasa. Anati ndisanyamule laputopu.