Chaka cholemba pa chiliza cha agogo

Loweruka, usiku.

Ndangofika kumene kuchokera kwathu ku Lirangwe, kumene tinakamanga chiliza cha agogo aakazi obereka amayi anga, amene anatisiya chaka chatha m'nyengo ya masika. Ndinanyamuka mu Blantyre m'bandakucha, koma pamene ndimatsika minibasi n'kuti amayi a Mvano atafika kale pakhomo, ena akutereka miphika, ena akutsanulira thobwa m'zidebe.

Kumanda zonse zinayenda bwino mpaka pamene mmisiri anasalaza simenti n'kutenga msomali kuti alembe. Chaka chomwalira aliyense ankachidziwa, koma atafunsa chaka chobadwa, tonse tinangoyang'anana. Msuweni wanga anatulutsa chiphaso cha unzika chimene agogo analembetsa mu 2017, pamene panalembedwa 1940, ndipo amalume aakulu, omwe ndi eni mbumba, anapukusa mutu. Iwo anatikumbutsa kuti pa tsiku la kalemberalo agogo anangouza mlembi kuti, "Lemba chimene ukuona pankhopepa, mwana wanga," chifukwa iwo sankawerenga moyo wawo ndi manambala.

Kalendala ya agogo inali zimene anaona ndi maso awo. Nkhani iliyonse ya kale inkayambira pa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri dera lathu la Lunzu ndi Lirangwe mvula itadula mbewu zikadali zanthete. Ankatiuza kuti nthawi imeneyo anali atavinidwa kale, ndipo anayenda wapansi ndi amayi awo mpaka kumapiri a ku Neno kukagwira ganyu wolipidwa chakudya, mng'ono wawo ali kumbuyo. Njala imeneyo sinawachoke m'mutu mpaka ukalamba. Munthu wotaya mkute pakhomo pawo ankaona zakuda, ndipo ngakhale chaka chokolola bwino ankabisa chitini cha chimanga kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, chimene ife adzukulu tinkachiseka mpaka njala ya 2002 itatitseka pakamwa.

Zina zonse zinkatsatira m'ndondomeko yomweyo. Amalume anabadwa agogo aamuna ali ku Wenela, kumigodi ya ku Joni. Njinga ya pakhomo inabwera ulendo wachiwiri wa ku Joni. Denga la malata linalephereka chifukwa ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu analetsa anthu kupita ku migodi. Kwacha inabwera mu 1971, koma agogo anakhala zaka zambiri akutchulabe K2 kuti paundi. Anavinira Kamuzu monga mbumba, anakaponyanso voti pa referendamu ya 1993, koma sanaululire munthu ngati anasankha nyali kapena tambala wakuda, ndipo ndikukhulupirira kuti kutibisira kumeneku kunkawasangalatsa.

Tili mkati mokumbutsana zonsezi, mmisiri anatidula mawu mwaulemu kuti, "Akuluakulu, simenti ikuumatu." Amalume anawerengera ndi zala kuti mtsikana wovinidwa kale, wotha kubereka mwana kumbuyo mpaka ku Neno, sangakhale wa zaka 9, ndipo anagamula kuti palembedwe 1934. Azakhali ena anang'ung'udza kuti za boma sasintha, koma ine ndinagwirizana ndi amalume, popeza nambala yawo inachokera m'nkhani za agogo eniake, pamene ya pachiphaso inachokera pa makwinya a nkhope basi. Mmisiri analemba pang'onopang'ono, ndipo 4 womalizayo anapendekeka pang'ono chifukwa msomali unakhudza kamwala.

Titabwerera kunyumba, amayi a Mvano anaimba nyimbo zimene agogo ankazikonda, ndipo mtsogoleri wawo ananena kuti kwa zaka zambiri panalibe maliro m'mudzimo amene agogo sanagonepo. Amayi anga anatulutsa duku loyera la malemuwo ndi buku lawo la nyimbo, lakutha m'makona, ngakhale mwini wake sankadziwa kuwerenga. Ankangolitsegula pena paliponse n'kumaimba za pamtima.

Madzulo, ndikutsanzika, ndinasuzumira m'chipinda chawo ndipo ndinapeza chitini chija chili pamalo pake, chimanga chake chitafumbwa ndi anankafumbwe. Ndinafunsa amayi ngati ndikataye, koma anangoti ndichisiye. Kenaka anandimangira nsima yotsala m'kambale kuti ndikadye mawa m'mawa, ndipo pano ili patebulo pamene ndikulemberapa.