Tsiku Limene Ndinasiya Kukhulupirira Siginecha

Kwa zaka zingapo, ntchito yanga yoonetsetsa kuti kampani ikutsatira malamulo inali yotolera mafomu basi. Chaka chilichonse ogwira ntchito ankasaina kuti awerenga malamulo oletsa ziphuphu, ine n'kusunga mapepalawo m'mafayilo, bodi n'kukhutira. Zinasintha pamene eni kampani yathu ku London anatikumbutsa kuti lamulo la kwawo la Bribery Act la 2010 limazenga mlandu kampani yomwe yalephera kuletsa anthu ake kupereka ziphuphu, ngakhale zitachitikira kunja kwa Britain, pokhapokha itaonetsa kuti inali ndi njira zokwanira zopewera.

Ndinaganiza zotsatira ndalama, chifukwa chiphuphu sichilembedwa m'mabuku ndi dzina lake. Kampani ya Siemens, yomwe mu 2008 inalipira chindapusa cha madola pafupifupi 1.6 biliyoni ku America ndi ku Germany, inkadutsitsa ndalama zambiri kudzera m'makontrakiti a alangizi a zamalonda, ndipo ife a ku Malawi tikukumbukira Cashgate ya 2013, pamene makampani ankalipidwa popanda katundu amene anapereka.

Choyamba ndinapempha akomiti ya bodi yoona za odita kuti andilembere chilolezo, kenako ndinauza a zamakompyuta kuti akopere ndi kusunga maimelo ndi mabuku a ndalama nkhani isanamveke, popeza mphekesera ikangoyenda m'makolido mafayilo amayamba kusowa. Ndinatenga mndandanda wa onse amene timawalipira n'kuyerekezera manambala awo a akaunti ndi a foni ndi a ogwira ntchito athu. Ndinayang'ananso ma invoice amene ndalama zake zinkalekezera pansi pang'ono pa malire ofuna siginecha ya bwana wamkulu. Apa mpamene kampani ina ya ulangizi inaonekera: manambala a ma invoice ake ankatsatizana osadumpha, ngati kuti chaka chonse inalibe kasitomala wina koma ife.

Mapepala ake anali athunthu, satifiketi ya kwa Registrar General ndi nambala ya msonkho (TPIN) ya MRA zonse zilipo, ndipo n'chifukwa chake ndinali nditaivomereza ndekha m'mbuyomo, zomwe mpaka lero zimandichititsa manyazi. Ndinakwera galimoto kupita ku Limbe pa adiresi yomwe inalembedwa. Ndinapeza kachipinda kometera tsitsi, ndipo mayi wogulitsa mayunitsi pakhonde anandiuza kuti chiyambireni geni yake pamalopo dzinalo sanalimvepo.

Pofunsa anthu ndinayambira kwa makalaliki, n'kumalizira wogwira ntchito wathu amene ndinkamuganizira pa nkhaniyi, ndipo nthawi zonse tinkakhala awiri, mnzanga akulemba. Sindinamuloze chala. Ndinangoika invoice patebulo n'kunena kuti, "Bambo, tandithandizani kumvetsa ntchito yomwe anthuwa anatigwirira." Anandilonjeza lipoti la alangiziwo, koma sabata inatha osalibweretsa.

Mu lipoti langa ndinalemba zokhazo zimene ndinaona ndi umboni wake, osatchula munthu kuti ndi wakuba, ndipo funso lokanena ku Anti-Corruption Bureau ndinalisiyira maloya ndi bodi. Kuchokera pamenepo, aliyense wofuna kulowa pamndandanda wa olipidwa amayamba wayenderedwa pamalo ake, ndipo amene wapempha ntchito sakhalanso yemwe wotsimikiza kuti yagwiridwa.