Cyrus ndi chilemba cha eni nthaka

Ndangotuluka kumene mu British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale muno mu London, momwe ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana kadongo kootcha kolembedwa mawu a Cyrus, mfumu ya ku Persia imene kutchalitchi timaitchula kuti Koresi.

Chandigwira mtima n'chakuti atalanda Babylon m'chaka cha 539 Yesu asanabadwe, iye sanafafanize ufumu wa eni nthaka, koma anadzitcha mfumu ya Babylon, ya Sumer ndi Akkad (madera akale a dziko limene lero ndi Iraq), nalengeza kuti anasankhidwa ndi Marduk, mulungu wa mzinda wa Babylon. Ambiri amati kumeneku kunali kukoma mtima, koma ine ndikuonapo kuchenjera, pakuti ansembe ndi anthu wamba a ku Babylon sakanavuta kupereka msonkho kwa mlendo amene anavala chilemba cha makolo awo.